Kusankha kangolo ka mwana woyamba mu Harare

Achemwali, mwafunsa za kangolo kokankhira mwana kosadya malo, poti mumakhala pa fulati ku Avenues ndipo mumayenda pa kombi.

Yambani ndi mpando. Khosi la khanda limakhala lisanalimbe, choncho mpaka miyezi 6 liyenera kugona chagada, mowongoka. Ngati mpandowo sugonekeka mpaka pansi, kasiyeni, kaya katchipe bwanji.

Kenako kapindeni nokha m'sitolo momwemo, ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo lidzakhala ndi mwana. Kanyamuleni. Kakapitirira makilogalamu 7, masitepe adzakuthyolani msana, komanso kondakitala pa siteji ya makombi ya Copacabana sadzakudikirani.

Matayala ang'onoang'ono apulasitiki amakodwa m'maenje a misewu yathuyi, makamaka mvula ikayamba mu Novembala. Sankhani a raba okulirapo. Pondani buleki, kankhani, kasasunthe. Malamba azimanga malo 5: mapewa onse, m'chiuno uku ndi uku, ndi pakati pa miyendo. Chotchingira dzuwa chikhale chachikulu. Kutentha kwa Okutobala mukukudziwa, ndiye chonde musamaphimbe kangolo ndi nsalu, mkatimo mumasanduka ng'anjo.

Kogwiritsidwapo kale ntchito nkabwinobwino, bola mopindikira musakhale mosweka. Chitenje musachisiye kunyumba, mu kombi kangoloko mudzakapinda ndithu.