Kuphunzira Chitchaina pa yunivesite: muyambire apa

Mwafunsa poyambira ngati mukufuna kukachita digiri ya Chitchaina ku China. Yambani ndi pinyin (njira yolembera katchulidwe ka mawu a Chitchaina ndi zilembo zathuzi za ABC) komanso kakwezedwe kanayi ka mawu. Apa musathamange ayi, chifukwa mukaphonya kakwezedweka, Mtchaina akhoza kukumvani molakwika. Mvetserani, bwerezani mokweza, dzijambuleni pa foni n'kudzimvera nokha.

Kenako zilembo zawo. Zilembeni pamanja tsiku lililonse, mzere uliwonse m'dongosolo lake. Kuno kwathu makalasi oyambira amapezeka ku Confucius Institute ya University of Malawi.

Mukadziwa mawu okwanira, lembani mayeso a HSK 4 (gawo lachinayi la mayeso oyesa luso la Chitchaina), omwe mayunivesite ambiri a ku China amafuna. Zotsatira zikatuluka, funsirani thandizo la fizi ku China Scholarship Council. Pasipoti, satifiketi ya MSCE ndi fomu ya kuchipatala zikonzeni msanga.