Kapetedwe ka pateh yokhala ndi mawu akuti Zan, Zendegi, Azadi

Pateh ndi luso la amayi a ku Kerman, kumwera chakum'mawa kwa Iran: amapeta ndi ulusi waubweya pa nsalu yaubweya yochindikala yotchedwa ariz, mpaka nsaluyo kutsala pang'ono kubisika. Chiyambireni imfa ya Mahsa Jina Amini, wa zaka 22, yemwe anamwalira ku Tehran pa 16 Sepitembala 2022 atagwidwa ndi apolisi oona za kavalidwe, anthu ambiri akhala akulemba ndi kusokera pa nsalu mawu a Chiperisiya, chinenero cha ku Iran, akuti Zan, Zendegi, Azadi, kutanthauza mkazi, moyo, ufulu. Mawuwa anachokera ku Chikurdi: Jin, Jiyan, Azadî.

Yambani ndi nsalu yaing'ono, masentimita 30 mbali zonse. Ikhale yaubweya, chifukwa yathonje yopyapyala imakwinyika ikalemedwa ndi ulusi. Mufunikanso singano yakuthwa ya bowo lalitali, choko cha telala, ndi felemu yozungulira yokungira nsalu popeta.

Utoto ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kufiira kwa nsalu zambiri zachikhalidwe za ku Iran kumachokera ku mizu ya chomera chotchedwa ronas (madder m'Chingerezi). Pa magalamu 100 a ulusi, sungunulani magalamu 15 a alamu (mchere wothandiza utoto kugwira pa ulusi) m'malita anayi a madzi, muikemo ulusi wonyowa kale, muutenthetse kwa ola limodzi osawiritsa. Kenako unyikeni m'madzi a magalamu 100 a ronas amene anavikidwa usiku wonse. Kutentha kusapitirire madigiri 70. Mukawiritsa, kufiira kumasanduka kodera ngati dothi. Musavundule mwamphamvu kapena kuchotsa ulusi m'madzi otentha n'kuuponya m'ozizira, chifukwa ubweya umagwirana n'kuuma gwaa. Makoko a makangaza amapereka mtundu wachikasu.

Pakati pa nsalu jambulani sarv, mtengo wa mkungudza wowongoka umene alakatuli a Chiperisiya amautcha azad, mfulu. M'mbali muzungulize boteh, kachithunzi kooneka ngati dontho lopindika kunsonga.

Mawuwo asamalidwe koposa zonse. Chiperisiya chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo mukadinda pepala chafufumimba pa nsalu, zilembo zimatembenuka. Timadontho si zokongoletsa ayi: chilembo choyamba cha Zan chikasowa kadontho kake kapamwamba, "z" amasanduka "r" ndipo liwu lawonongeka. Chilembo choyamba cha Azadi chili ndi kamzere kopindika pamwamba, nakonso kasaiwalike. Pezani munthu wodziwa chinenerochi aone zomwe mwajambula musanalowetse singano.

Sokani mizere yakunja poyamba, ndi ulusi wakuda, msoko uliwonse mamilimita atatu, wotsatira uziyambira pakati pa wam'mbuyo kuti mzere uoneke ngati chingwe chopota. Pokhota fupikitsani misoko. Mukatha, dzazani mkati ndi mitundu, kuchokera pakati kupita kunja. Ulusi usatalike kuposa masentimita 40, chifukwa ubweya umaperepeseka ukadutsa m'nsalu kambirimbiri. Nsalu ikayamba kutukumuka, mukukoka kwambiri: masulani misokoyo, kusita sikungakonze.

Chapani ndi madzi ozizira, yanikani chogoneka pamthunzi, musite kumbuyo mutayala kansalu konyowa.

Poionetsa, tchulani kuti lusoli ndi la amayi a ku Kerman. Koma ngati wina wokhala ku Iran anakuthandizani, musaike dzina kapena nkhope yake pa intaneti popanda chilolezo chake, pakuti kumeneko anthu ambiri anamangidwa chifukwa cha zionetsero za mawu amenewa.