Kupita ndi ana ku Gold Reef City: ayezeni msinkhu musanakwere basi

Kuno ku Mangochi banja lopanda m'bale ku Joni ndi losowa, ndiye ana akangomva za Gold Reef City, paki ya masewera ndi zokwerakwera ya ku Joni komweko, kwa asuweni awo, simupumanso. Ine ndinawatenga anga awiri pa holide ya Disembala, tinkagona kwa alamu anga.

Yambani ndi mapasipoti, mwana aliyense yakeyake. Ya Malawi imakulolani kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza. Njira ya basi mukuidziwa kale: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kukatsikira ku Park Station miyendo itatupa. Marandi sinthiranitu. Anyamata apaboda aja amawerenga ndalama mothamanga dala, mukadzabwereza muli m'basi mupeza zaperewera.

Matikiti gulani pa webusaiti ya malowo, ndipo onaninso ngati tsiku lanulo atsegula. Wina pa gulu la WhatsApp ankati ali ndi otchipa, bola titumize kaye ndalama. Ameneyo musiyeni.

Tsopano apa ndi pamene ndinagwa nayo. Zokwera zoopsa zija sayang'ana zaka za mwana, amayang'ana kutalika. Pakhomo pa chilichonse pali muyezo, ndipo wosafika pamzere sakwera, ngakhale mupemphe bwanji. Wanga wamng'ono anali ndi zaka 9, wolimba mtima, amasambira panyanja kuposa ine, koma mamita 1.3 sanafikepo. Kunatsala zala ziwiri basi. Njira yonse kuchokera ku Mwanza ankangokamba za Anaconda, sitima ija imene umalendewera miyendo ili m'malere. Mkulu wake anakwera kawiri, iye ali pansi atagwira chikwama, misozi ili mbwembwembwe. Ndinayesa kumuuza woyang'anirayo kuti tachokera ku Malawi, masiku awiri m'njira. Anangomwetulira n'kuloza muyezo. Sindimuda, chitsulo chotchinga pachifuwa sichigwira bwino mwana wamfupi. Wolakwa ndinali ine, tepi ya telala ili m'nyumba momwemo. Muimikeni mwana pakhoma, lembani ndi pensulo, muyerekeze ndi zimene alemba pa webusaiti. Akaperewera, dikirani chaka china.

Chimene chinatipulumutsa ndi mgodi. Malowa anamangidwa pa mgodi wakale wa golide umene unatsekedwa mu 1971, ndipo amatsitsa alendo pansi atavala zipewa zolimba, kenako n'kukuonetsani mmene amathirira golide wosungunuka. Mwana anasiya kulira. Ine ndinkaganiza za agogo athu amene anapita ku Wenela.

Zotsalazo n'zachidule. Fikani asanatsegule, yambani ndi chokwera china choopsa chotchedwa Tower of Terror mizere isanatalike, idyani phala lokwanira kunyumba chifukwa chipisi cha m'katimo mtengo wake ndi wina. Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya tsankho la ku South Africa, ili pafupi pomwepo, koma ndi ana otopa musayese tsiku lomwelo.

Kodi ulendowu ndi woyenera ndalamayo? Ngati muli kale ndi ulendo wa ku Joni ndi pogona, onjezerani tsikulo. Koma kugula mapasipoti ndi mipando ya basi chifukwa cha tsiku limodzi, ayi. Patapita mwezi tinapita ku Cape Maclear, tinakwera boti kukaona mbuna ku chilumba cha Thumbi, wamng'ono uja akuponyera nkhwazi nsomba. Kumeneko palibe anamuyeza.