Mmene ndinathanirana ndi mawu a adokotala osamveka bwino

Ntchito yanga kuno ku Mulanje ndi yotayipa malipoti a odwala kuchokera pa mawu omwe adokotala amajambula pa foni. Tsiku lina anajambula mvula ikusokosera padenga la malata, ndipo ine ndinangomva "haip...tenshoni". Kodi ndi hypertension kapena hypotension? Loyambalo ndi BP yokwera, linalo ndi BP yotsika. Kuphonya pamenepa n'kuika moyo wa munthu pachiswe.

Ndinabwereza kasanu, osaphula kanthu. Kenaka ndinasiya kulimbana ndi liwulo n'kumvetsera zapatsogolo. Adokotala anatchula BP ya 170/100, yomwe ndi yokwera, ndiponso mankhwala a amlodipine, omwe amatsitsa BP. Basi, ndi hypertension.

Kuyambira pamenepo ndimayamba ndalemba liwu lovuta m'kope monga lamvekera, m'kalembedwe ka Chichewa, kenaka n'kuliduladula. Lothera ndi -itis ndi kutupa, -ectomy ndi kuchotsa chiwalo, loyamba ndi nephr- likunena za impso. Ndimayesanso kusinthanitsa L ndi R, poti pakamwa pathu zilembo ziwirizi sizisiyana kwenikweni.

Ondiopsa kwambiri ndi mayina a mankhwala. Chlorpropamide ndi wa shuga, chlorpromazine ndi wa matenda a maganizo, koma pa foni amamveka ngati mapasa. Amenewa ndimawatsimikiza m'buku la Malawi Standard Treatment Guidelines, ndikuyang'ananso matenda a wodwalayo. Zikakanikabe ndimasiya mpata, n'kulemba mphindi yomwe liwulo lili, ndipo m'mawa ndimati, "Adokotala, pepani, tandimvetsereniko apa."