Mmene ndinasiyira kutaya mbedza mu udzu pa Albert Falls

Ine kuwedza ndinaphunzira kwathu ndi nyongolotsi ndi bango basi, ndiye nditayamba za nsomba ya bass kuno ku Albert Falls Dam kufupi ndi Pietermaritzburg ku South Africa ndinavutika heavy. Mu Seputembala kuzizira kukamatha madzi amayamba kufunda, akafika cha m'ma 15 mpaka 18 digiri bass imachoka kokuya kubwera m'mphepete kudzakonza zisa zoikira mazira, ndipo imakonda pomwe pali udzu ndi zitsa za mitengo yomira. Vuto linali pomwepo, crankbait yanga (nyambo yochita kupanga yooneka ngati kansomba) ili ndi mbedza za mano atatu zija ndiye ndikangoponya yakola udzu, kukoka mwamphamvu chingwe phwa, tsiku limodzi ndinataya zitatu, ndalama zimenezo aise.

Mdala wina amene amawedza pafupi nane ndi amene anandionetsa Texas rig. Umatenga nyongolotsi ya pulasitiki, kamtovu kosongoka ngati chipolopolo kumalowa kaye pa chingwe, kenako mbedza umaibaya kumutu kwa nyongolotsiyo n'kuitembenuza nsonga yake n'kuibisa m'thupi mwake momwemo. Imadutsa mu udzu osakola chilichonse.

Chinanso ndinkakoka mothamanga kwambiri, madzi akadali ozizirirako nsomba imakhala yaulesi. Pano ndimaponya, kudikira ifike pansi, kunyamula ndodo pang'ono, kuyimanso. Ukamva kuti tuku usathamange, koka chingwe chilimbe kaye kenako menya mwamphamvu poti nsonga ija ndi yobisika. Loweruka lapitali ndagwira zinayi masana dzuwa litatentha, zonse ndinazibwezera m'madzi poti ndi nthawi ya mazira.