Lukina ndi madeya: mbuzi ya Khrisimasi imayamba kunenepetsedwa mu Okutobala

Wogula mbuzi wodziwa ntchito yake sayang'ana kukula kwa mimba. Amaika dzanja pamsana, n'kulitsetsereza mpaka m'chiuno, kenako n'kufinya ntchafu. Dzanja likamagunda mafupa okhaokha, mtengo watsika kale inu musanatsegule pakamwa. Alimi ambiri ndimakumana nawo akuchokera kumsika akudandaula kuti mavenda ndi akuba, chonsecho mbuzi yomwe anapita nayo yatha miyezi itatu ikutola mapesi ouma ndi mapepala apulasitiki m'mudzi. Mavenda ena ndi akubadi, koma lero tiyeni tikambe za mbali yathu.

Chimene chimawondetsa mbuzi m'chilimwe si kuchepa kwa udzu kokha. Udzu ukauma, chakudya chomanga thupi, chomwe akatswiri amati puloteni, chimatsika mpaka kuchepera magawo 5 pa 100 aliwonse. M'chifu chachikulu cha mbuzi, ng'ombe ndi nkhosa muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timagaya udzu, ndipo kuti tigwire ntchito bwino timafuna puloteni wosachepera magawo 7 pa 100. Akapanda kukwana, udzu umangokhala m'chifu osagayika msanga. Mbuzi imaoneka yokhuta, mimba ili tuu, koma thupi likudya minofu yake yomwe. Masamba a lukina ali ndi puloteni pafupifupi magawo 25 pa 100, ndipo amakhala obiriwira ngakhale mu Okutobala chifukwa mizu ya mtengowu imapita pansi kwambiri. Madeya puloteni wake ndi wapakatikati, pafupifupi magawo 10, koma amapereka mphamvu. Ziwirizi zikakumana m'chodyera, mbuzi imayamba kuika mnofu. Alimi achikulire omwe ananenepetsako ng'ombe zofula m'khola m'zaka za m'ma 1970 akudziwa kuti madeya ndi lukina wouma ndi ukwati wakale.

Koma lukina ali ndi khalidwe lake lofunika kulidziwa, ndipo amene anatithandiza kulimvetsa ndi katswiri wina wa ku Australia, Raymond Jones, wa bungwe lofufuzafufuza la CSIRO. Mtengowu kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Utafika kumpoto kwa Australia, alimi a ng'ombe anaukonda, koma ng'ombe zomwe zinkadya lukina wambiri kwa nthawi yaitali zinayamba kudwala: dovu chuchuchu, ubweya kuthothoka makamaka kumchira, chithokomiro kutupa, kudya kuchepa, kukula n'kuima. Chinkachititsa ndi poizoni wa m'masamba wotchedwa mimosine. Akafika m'chifu, tizilombo timamusandutsa poizoni wina wotchedwa DHP, yemwe amasokoneza chithokomiro.

Jones atapita ku Hawaii anaona zomudabwitsa. Mbuzi za kumeneko zinkadya lukina tsiku ndi tsiku, zina osadya china chilichonse, koma zinali zonenepa, ubweya uli see. Atayeza mkodzo wawo, poizoni uja sankapezekamo wambiri ngati mmene zinalili ku Australia. Iye anaganiza kuti m'chifu cha mbuzi za ku Hawaii muyenera kuti muli kachilombo kena kamene kamamaliza kuphwanya poizoniyo. Anzake ambiri sanamukhulupirire msanga. Anayesa ku Indonesia, kuthira madzi a m'chifu cha mbuzi za kumeneko m'chifu cha mbuzi zochokera ku Australia, ndipo poizoni mumkodzo anatsika m'masiku ochepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 tizilombo tochokera m'chifu cha mbuzi ya ku Hawaii tinalowetsedwa ku Australia n'kumwetsedwa ng'ombe, ndipo ng'ombezo zinayamba kudya lukina osadwala. Mu 1992 kachilomboko kanapatsidwa dzina lakuti Synergistes jonesii, pomulemekeza iyeyo. Kafukufuku wapambuyo pake wa akatswiri a yunivesite ya Queensland anaonetsa kuti chiwindi nachonso chimathandiza: chiweto chikazolowera, chiwindi chimamanga poizoniyo n'kumutulutsa mumkodzo. N'chifukwa chake pachilumba cha Sumbawa ku Indonesia alimi amanenepetsa nkhunzi ndi lukina pafupifupi yekhayekha.

Ife sitimwetsa mbuzi zathu madzi a m'chifu cha mbuzi ina, ndipo musayese n'komwe. Phunziro lathu ndi lakuti chifu ndi chiwindi zimafuna nthawi kuti zizolowere. Mbuzi imene sinadyepo lukina musaiunjikire mtolo tsiku loyamba. Sabata yoyamba ipatseni kanthambi kamodzi kapena tiwiri patsiku, sabata yachiwiri muwonjezereko, mpaka lukina afike gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Pamenepo imani. Nsonga zanthete ndi njere ndizo zimakhala ndi poizoni wochuluka, choncho dulani nthambi zokhwima, ndipo muzisiye zifote pamthunzi musanadyetse. Kudula mtengo usanabale njere kulinso ndi ubwino wina, chifukwa lukina akamwaza njere amamera paliponse ngati tchire, mpaka mudzayambana ndi eni munda woyandikana nanu.

Bambo wina m'dera lomwe ndimagwira ntchito anandiitana kuti mbuzi zake zagwidwa mphere. Nditafika ndinapeza ubweya wathothoka m'mbali ndi kumchira, koma khungu losalala, lopanda nkhanambo, mbuzi sizikudzikanda. M'chodyera munali lukina yekhayekha, nsonga ndi zitheba zomwe, ndipo anali atayamba kudyetsa chotero milungu itatu yapitayo atamva kuti lukina amanenepetsa. "Bambo, mankhwala a mphere musagule," ndinawauza, "chotsani lukinayu kwa sabata ziwiri, muzipatsa masangwi ndi udzu, kenako tiyambirenso pang'onopang'ono." Ubweya unamera. Ndalama ya mankhwala anagulira mchere ndi madeya.

Nkhumba ndi nkhuku zilibe chifu chachikulu ngati cha mbuzi. Kwa izo lukina asapitirire kachigawo kakang'ono, ka 5 pa 100, kouma ndi kopera. Akalulu nawonso musawadalitse lukina yekha.

Tsopano kadyetsedwe kake. Sankhani atonde aang'ono, a miyezi isanu ndi itatu mpaka chaka chimodzi, makamaka ofulidwa akadali ana. Mbuzi yokalamba ngakhale muidyetse bwanji, nyama yake ndi yolimba chifukwa mitsempha yake inakhwima kale. Chakudya sichibweza zaka. Tonde wosafula amataya nthawi ndi kuthamangitsa zazikazi, ndipo fungo lake anthu ena ogula salifuna. Musanayambe, aitaneni alangizi a ziweto adzazimwetse mankhwala a njoka zam'mimba, apo ayi mudzakhala mukunenepetsa njokazo. Muwerenge pabotolo masiku oyenera kudikira nyama isanadyedwe, ndipo muwalembe pakhoma.

Mbuzi imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi magawo 3 kapena 4 pa 100 a kulemera kwake patsiku. Ndiye kuti mbuzi ya makilogalamu 20 imafuna magalamu 600 mpaka 800. Mwa amenewa, lukina wouma akhale magalamu 200, kapena ngati ndi wauwisi pafupifupi magalamu 600, poti wauwisi ndi madzi ambiri. Madeya magalamu 200 mpaka 300, ogawa pawiri, m'mawa ndi madzulo, mutawazamo kamchere kotsina ndi zala. Chotsalacho chikhale masangwi a mtedza, makoko a nandolo, nsenjere yodula, zitheba za msangu kapena udzu wofutsa. Amene alibe sikelo ayeze kamodzi kokha pagolosale ndi chitini chomwe azidyetsera, n'kulemba mzere pachitinipo.

Madeya nawo amapha akaperekedwa mwadzidzidzi. Mbuzi ikathyola khola n'kukapeza thumba lotsegula, chifu chimawawasa, mimba imatupa, imatsegula m'mimba, ndipo m'mawa mumaipeza itagona. Yambani ndi kadzanja kamodzi, muzionjezera kwa sabata ziwiri. Ndipo madeya onunkha chuku, oumbika mibulu, atayeni. Pachigayo ena amalongedza madeya akadali onyowa. Mukagula yanikani padzuwa tsiku lomwelo. Madzi akumwa asasowe m'khola, chifukwa mbuzi yodya zouma ikasowa madzi imasiyanso kudya. Chodyera chikhale chokwezeka kapena mangani nthambi m'mwamba. Mbuzi ndi yaukhondo kuposa mmene timaiganizira: tsamba lomwe yapondapo kapena kukodzerapo silidyanso.

Masiku 60 mpaka 90 ndi okwanira. Woyamba kumayambiriro kwa Okutobala amafika pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano mbuzi zili m'malo mwake. Amene akufuna msika wa Eid ya nsembe awerenge masiku chobwerera kuchokera pa tsikulo, ndipo afunse ogula ake ngati amalandira mbuzi yofula, popeza ena amafuna tonde wathunthu.

Pali chifukwa chimene sindilangizira kupitirira masiku 90. Ng'ombe ndi nkhosa zimaika mafuta pansi pa khungu, ng'ombe zina mpaka m'kati mwa mnofu. Mbuzi imaunjika mafuta ake m'mimba, kuzungulira impso ndi matumbo. Mukaidyetsa madeya miyezi isanu, pokasenda mudzapeza mafuta odzaza beseni, omwe wachiwaya angakondwe nawo koma wabutchala sawawerengera mtengo wa mnofu. Madeya anu asanduka zinthu zotsika mtengo. Dzanja lanu likamamva msana wobulungira, mafupa akumveka pokhapokha mutafinya, nthawi yogulitsa yakwana.

Amene amadyetsa lukina kwa ng'ombe adzaona kanthu kena posenda: mafuta amakhala achikasu. Si matenda. Masamba obiriwira ali ndi carotene, yemweyo amene amapatsa maungu ndi karoti mtundu wake, ndipo ng'ombe imamusunga m'mafuta. Mbuzi siimusunga chotero, mafuta ake amakhalabe oyera. Koma mukaona chikasu chafika m'maso, m'mitsempha ndi m'kati mwa nthiti, chimenecho ndi chizindikiro cha chiwindi chodwala, ndipo nyamayo iyenera kuonedwa ndi woyeza nyama isanagulitsidwe.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuona ntchito ya miyezi itatu ikuwonongeka tsiku limodzi. Tonse timaziona pamsewu: mbuzi itamangidwa miyendo yonse inayi pakaliyala wa njinga, mutu ukulendewera, dzuwa likuswa mtengo, ikulira makilomita 20 mpaka mawu kutha. Ikafika imamangidwa pamtengo popanda madzi, kenako mpeni. M'minofu ya chiweto mumakhala shuga wosungidwa. Chiweto chikaphedwa, shugayo amasanduka asidi pang'onopang'ono, ndipo muyeso wa pH, womwe umatsika asidi akamachuluka, umatsika kuchoka pa 7 kufika cha pa 5.5 m'maola 24. Kutsika kumeneku ndiko kumapatsa nyama mtundu wofiira bwino, kukoma, ndi kukhalitsa osaonongeka. Mbuzi yotopa, yamantha ndi yaludzu imakhala itatentha shuga yense isanafe. Asidi sapangika wokwanira, nyama imada, imauma pamwamba n'kumamata, ndipo imayamba kununkha msanga, zomwe kwa wabutchala wopanda filiji ndi chitayiko. Pomwe chingwe chinadya mwendo ndiponso pomwe ndodo inagwera pamakhala magazi oundana, ndipo pamenepo pamadulidwa n'kutayidwa.

Apanso chakudya chimathandiza, chifukwa mbuzi yodya bwino imakhala ndi shuga wambiri m'minofu kuposa yowonda, ndipo imapirirako ulendo. Komabe nyamukani m'mamawa kusanatenthe. Ngati ndi panjinga, igonekeni m'dengu lalikulu kapena pathabwa loyalapo udzu, mutu usalendewere, ndipo mangani ndi nsalu kapena lamba wotambalala m'malo mwa chingwe cha nayiloni. Ngati mukupha nokha pakhomo, kapena mwagwirizana ndi wabutchala, mbuzi ipume pamthunzi usiku umodzi, madzi ali pafupi. Chakudya ichotsereni maola 12 isanaphedwe kuti chifu chisadzaze n'kuphulika potumbula, koma madzi musaichotsere. Mukasenda, pachikani nyama pamalo ozizira, opita mphepo, yotchingidwa ndi nsalu yoyera kuti ntchentche zisaterepo, ndipo idikireni iume thukuta musanayambe kuidula.

Amene alibe mitengo ya lukina ayambe kufesa mvula ikubwerayi. Njere zake zili ndi chikopa cholimba, choncho zivikeni m'madzi otentha koma osawira kwa mphindi zitatu, kapena kandani mbali imodzi ndi kanifi ka zikhadabo, kenako fesani m'machubu kapena m'mzere m'malire a munda. Chaka choyamba tchingirani, chifukwa mbuzi zomwezo zikaupeza uli waung'ono zimaudya mpaka pansi. Ukapitirira msinkhu wa munthu, udulireni cha m'chiuno kuti uphuke nthambi zambiri. Masamba a m'dzinja, omwe amachuluka mbuzi zili ndi msipu wokwanira, yanikani pamthunzi masiku atatu kapena anayi, pululani, n'kusunga m'matumba pamalo ouma kudikira Okutobala.