Malangizo a thandizo la boma kwa alimi a ku Nkhotakota ndi Salima amene mbewu zawo zaonongeka

Uthengawu ndi wa inu a kuno ku Zambia amene muli ndi makolo, alongo kapena ana olima ku Nkhotakota ndi Salima, m'dziko la Malawi. Muwawelengele pafoni, makamaka okalamba.

Thandizo la pa ngozi kumeneko limayendetsedwa ndi nthambi ya boma ya DoDMA, monga mmene DMMU imacitila kuno kwathu. Limapelekedwa madzi akasefukila, ngati mmene mtsinje wa Dwangwa unacitila kumapeto kwa February 2024, kapena kukagwa cilala ngati ca caka comweco, pamene pa 23 March boma la Malawi linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a m'dzikolo ali pa ngozi.

Munda ukakokoloka kapena mbewu zikapsa ndi dzuwa, mlimi asadikile. Akauze anyakwawa ndi komiti yoona za ngozi ya m'mudzi mwake, adziwitsenso alangizi a zaulimi kuti aone munda zizindikilo zisanafufutike. Mpunga wa kudambo ukakwililika ndi mcenga umaoneka, koma cimanga cofota cikazulidwa palibe cosonyeza. Maina a ofunika thandizo amacoka kumudzi n'kupita ku ofesi ya DC (bwanamkubwa wa boma), ndipo amalembedwa kumene banjalo likukhala. Simungalembetse amayi anu muli ku Chipata kapena ku Katete. Apite okha, atenge citupa ca unzika ca Malawi, ndipo aonetsetse kuti dzina lalembedwa mmene lilili pa citupapo. Cilembo cimodzi cikalakwika, munthu angathe kubwezedwa pa tsiku lolandila.

Dziwaninso kuti thandizoli si malipilo a mbewu zonse zimene zatayika. Colinga cake n'cakuti banja lisagone ndi njala. Nthawi zambili limakhala thumba la cimanga la makilogalamu 50, kwina ndalama m'malo mwa cimangaco, ndipo amayamba ndi mabanja ovutikitsitsa: nkhalamba, olumala, odwala, ndi ana okhala okha. Conco musaleke kutumiza kangacepe kanu poganiza kuti boma lamaliza zonse.

Kulembetsa n'kwaulele. Apa tikunenetsa, cifukwa amasiye ambili amaopa kukana. Palibe mfumu, wa komiti kapena wina aliyense woyenela kupempha ndalama, nkhuku kapena gawo la thumba kuti dzina lilowe. Ngati ndalama zikubwela pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala ya cinsinsi ndi ya mwini foni yekha. Wina akaimba kuti ndi wa boma ndipo akufuna nambalayo, adule foni. Wolandila awelenge ndalama kapena aone thumba asanasaine kapena kudinda cala.

Dzina likasowa pa mndandanda, kapena wina akapempha ciphuphu, akadandaule ku komiti ya dela la mfumu yaikulu, zikakanika apite ku ofesi ya DC ku boma la Salima kapena Nkhotakota atanyamula citupa cake.